Mbaula ya gasi ikakana kuyaka, yambani mwatseka silinda

Linali Lachisanu dzuwa litapendeka pamene tinafika pakhomo lina ku Nathenje, pa ulendo wathu woyendera mabanja. Tisanaodire n'komwe, pakhonde tinalonjeredwa ndi fungo longa la mazira owola. M'khitchini tinapeza mayi a pakhomopo atawerama pa mbaula ya gasi, akupotokola kabatani mobwerezabwereza. Kankangolira kuti tha, tha, tha, moto osatuluka. Nyemba za Sabata zinali mumphika, ndipo mwana wawo wamkazi anali atathamangira machesi.

"Mayi, pepani, tsekani kaye silindayo. Iwe mwana, bwera nawo kuno machesiwo," tinatero. Tinatsegula chitseko ndi zenera, tonse n'kukakhala panja. Mayiwo sanakondwe, poti nthawi inali itawathera.

Chimene sankadziwa n'chakuti nthawi iliyonse imene ankapotokola kabataniko, gasi ankatuluka ngakhale moto sunkayaka. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho sakwera kudenga ngati utsi. Amatsikira pansi n'kuunjikana m'makona, momwe ana amakwawa. Payekha alibe fungo. Fungo loipalo amachita kuthiramo dala kuti mphuno itichenjeze. Likamveka, musayatse machesi, ndipo musakhudze switchi ya magetsi, chifukwa kamoto kake kakang'ono kangayatse chipinda chonse.

Mbaula zimenezi tikuziona m'makomo ambiri masiku ano, makamaka a aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito ku Bunda amene amakhala ku Mitundu. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Makala akukwera mtengo, ndipo nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, inadulidwa mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Ife azaumoyo timakondwera mayi akasiya kupuma utsi tsiku ndi tsiku. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amagula silinda, kuikweza pakabaza, osauzidwa chochita ikavuta.

Fungo litatha tinalowanso. Tinachotsa kachivundikiro ka pamalo potulukira moto, ndipo vuto linaonekera pomwepo: phala la soya limene linasefukira m'mawa linali litauma m'timabowo. Tinatsuka ndi mswachi wakale ndi madzi ofunda, n'kuyanika padzuwa mpaka chinauma gwa. Kuumitsako n'kofunika, chifukwa pakanyowa moto sugwira. Pansi pake pali kabowo kamodzi kakang'ono kwambiri kotulukira gasi. Ambiri amakatokosa ndi singano kapena waya, kabowoko n'kukula, mbaula n'kumatulutsa lawi lalitali lodetsa miphika. Ingokapukutani. Mbaula imene yakhalitsa osagwiritsidwa ntchito muisuzumirenso bwino, poti akangaude ndi mavu amakonda kumanga m'menemo.

Timabowo tikakhala toyera koma moto osayaka, mverani ndi khutu. Ngati gasi akumveka kutuluka koma kabatani sikakulira, chafa ndi choyatsira, kapena batire pa mbaula zimene zili nalo. Mutha kuphikabe ndi machesi, koma yambani mwayatsa chitsotsocho ndi kuchifikitsa pafupi, kenako tsegulani gasi pang'ono. Mukasemphanitsa, nsidze zipita.

Ngati sipakumveka kanthu, mwina gasi watha. Kugwedeza silinda kumanama. Pa silinda pamalembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, ndiye iikeni pasikelo, ngakhale ya ogula soya ndi mtedza pamsika. Zimene zapitirira pa nambalayo ndiye gasi wotsala. Tamvapo ena akulangizana kuti silinda yotsala pang'ono kutha aigoneke kapena aiwothetse moto kuti "itulutse wotsalira". Musayerekeze. M'kati mwake gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo silinda iyenera kuima chilili nthawi zonse, kutali ndi moto.

Kenako onani reguleta, kachipangizo kamene kamakhala pamutu pa silinda. Mutatseka zonse, ichotseni, muone ngati kamphira kake kali bwino, muibwezeretse mpaka igwire, ndipo mutsegule pang'onopang'ono. Paipi nayo imakalamba, imang'aluka, ipindika kuseri kwa tebulo, ndipo makoswe amaitafuna. Sungunulani sopo m'madzi, pakani thovu pa paipi ndi polumikizira ponse. Pamene thovu likufufuma, pamenepo pakutuluka gasi. Paipi yotere samanga ndi mphira wa njinga ayi, amagula ina. Reguleta yowonongeka kapena silinda yotuluka gasi pamutu musaimasule nokha. Itulutseni panja pamthunzi, mudziwitse ogulitsa amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA.

Zikakanika, ambiri amabwerera ku makala, ndipo palibe cholakwa. Koma mbaula ya makala ikhale panja. M'miyezi ya June ndi July, kukazizira, ena amailowetsa m'nyumba n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, wa carbon monoxide, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Mbaula ya gasi imene ikuyaka lawi lachikasu imatha kutulutsanso mpweya womwewo. Lawi labwino ndi lobiriwira ngati thambo.

Ku Nathenje kuja, titabwezeretsa kachivundikiro, mayi aja anapotokola kamodzi kokha, lawi n'kuzungulira bwinobwino. Nyemba sizikanapsanso dzuwa lisanalowe, choncho anasintha n'kuphika mpunga ndi chisoso chotendera. Potiperekeza anatifunsa kuti Lachiwiri lotsatira tidzapite nawo kwa achemwali awo ku Mitundu, amene paipi yawo sanaisinthepo chigulireni mbaula.