Theka la mlatho lingakuuze za mlatho wonse?

Sabata yatha mu Fomu 3 ndinagoneka thabwa pa njerwa ziwiri, nkuimika mnyamata mmodzi pakati penipeni. Thabwa linapindika. Nditafunsa mbali imene yavutika kwambiri, ya kumanzere kapena ya kumanja, onse anati nchimodzimodzi. Yankho looneka lachibwanali ndi limene limawapulumutsira nthawi mainjiniya.

Taganizirani mlatho wa Bakili Muluzi, uja timawolokerapo Shire ku Mangochi boma. Asanathire konkire pa chinthu chotere, injiniya amafuna kudziwa pomwe padzafinyike ndi pomwe padzakokeke, zija timati stress mu Physics. Masiku ano mapulogalamu monga ANSYS ndi Abaqus amagawa chithunzi cha mlatho m'tizidutswa, ngati maso a ukonde, nkuwerengera kachidutswa kalikonse. Maso akakhala ang'onoang'ono yankho limalondola bwino, koma kompyuta imachedwa kwabasi.

Ndiye ngati mbali ziwiri zikufanana ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi, kuvutikiranji? Mumadula pakati nkuwerengera theka lokha. Imeneyi ndiye symmetry. Mukadula m'litali ndi m'lifupi momwe, tizidutswa 400,000 timatsala 100,000.

Pomwe mwadulapo mpofunika maso. Kompyuta sidziwa kuti kunali theka lina, muyenera kuiuza. Bwererani ku thabwa lija: pakati pake panatsika, koma sipanasunthire kumanzere kapena kumanja, chifukwa matheka awiriwo amakankhana ndi kukokana mofanana. Lamulo lake nlomwelo. Malo odulidwawo aloledwe kutsika ndi kukwera, koma asawoloke galasi. Mukawamanga mbali zonse, ndiye kuti mwaika njerwa yachitatu pomwe palibe njerwa. Kompyuta ikuuzani kuti thabwa silikupindika, inu nkusangalala ndi bodza. Ine cholakwa chimenechi ndimachiopa kuposa china chilichonse, chifukwa pa sikirini zonse zimaoneka bwinobwino, mitundu yake yokongola.

Katundu nayenso agawidwe. Mnyamata wa makilogalamu 50 amapondereza ndi mphamvu pafupifupi 500 N, ndipo poti waima pamzere wodulawo, theka lanu lisenze 250 N basi.

Msampha wina ndi uwu: kufanana kwa maonekedwe pakokha sikukwanira, katundu nayenso afanane mbali zonse. Lole ya chimanga ikamawoloka imayenda kumanzere, mbali inayo mwina kuli njinga zokha. Mwera nawo umaomba mlatho kuchokera kummwera kokha. Pamenepo galasi lasweka. Mukaumirira kuwerengera theka, kompyuta iganiza kuti pali malole awiri oyandikana, ndipo kupotokola kumene lole imodzi imachita sikuoneka nkomwe. Zikatero injiniya amajambula mlatho wonse, nkuidikira kompyuta ngakhale ichedwe.

Kayeseni ndi rula ndi mabuku awiri. Ikani mwala pakati, kenako muusendeze chakumanzere, muone pomwe rula ikutsika kwambiri.