CHITUKUKO CHIKAMABWERA, ENI DERA AFUNSIDWE

Masiku ano makampani akumanga nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta osunga zinthu za pa intaneti. Nyumbazi zimafuna malo, magetsi ambiri ndiponso madzi oziziritsira makina. Kuno kwathu boma lidatsegula nyumba yotere ku Blantyre mu 2022.

Mu 2015 kampani ya Apple idalengeza kuti imanga yake ku Athenry, m'dziko la Ireland. Anthu owerengeka adakasuma kukhoti poopa kuonongeka kwa chilengedwe. Milandu idachedwetsa ntchitoyo mpaka Apple idaisiya mu 2018. Ena adakondwa, koma ambiri adadandaula kuti mwayi wa ntchito wawaphonya.

Ife a kwa Mphuka tikudziwa kuwawa kwa malo otengedwa eni ake osafunsidwa, pakuti minda ya tiyi idatizinga kuyambira nthawi ya atsamunda. Lamulo la zachilengedwe la 2017 likuti ntchito yaikulu isanayambe, zotsatira zake ziyambe zaunikidwa. Tsono tikaitanidwa ku misonkhano tizipita, ndipo tizifunsa makina asanafike. Safunsa adadya phula.

Tikambirane mu Mphakati: Kodi kampani itapempha malo kwathu kuno, tingaifunse mafunso otani?