MWANA WA FOMU 4 NDI NJIRA YA KU YUNIVESITE: ZIMENE MAKOLO AYENERA KUDZIWA

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'midzi yambiri mumveka nthungululu. Mwana wakhoza, ndipo makolo ake ayesa kuti ntchito yatha. Akhala pansi nadikira kalata yomuitana ku yunivesite. Miyezi ipita, kalata osabwera. Pambuyo pake amva kuti anzake a mwanayo anapita kale ku Zomba kapena ku Bunda, tsono ayamba kudandaula kuti pachitika zokondera. Koma kawirikawiri choona n'chakuti mwanayo sanalembe fomu yopempha malo, kapena anailemba molakwika, kapena malo anawapeza koma ndalama zinasowa pa tsiku lonyamuka.

Kukhoza mayeso ndi chipata choyamba chabe. Zipata zilipo zitatu: mayeso, kupempha malo, ndi ndalama. Pa chipata chilichonse kholo lili ndi ntchito yake, ngakhale kholo limene silinapondeko m'kalasi.

MALO NDI OCHEPA

Kale mwana wa dziko lino amene anafuna digiri anayenera kupita kunja, monga ku Makerere m'dziko la Uganda kapena ku Fort Hare ku South Africa. University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo mu 1965 inatsegula zitseko zake ku Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Pambuyo pake zinaonjezeka zina. Mzuzu University inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Koleji ya zaulimi ya Bunda inayamba kuima payokha mu 2012 ndi dzina la LUANAR. MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: ya ku Zomba inasunga dzina lakale, Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka MUBAS, ndipo sukulu za udokotala ndi unamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS.

Ngakhale mayunivesite a Boma achuluka motero, ana otsiriza Fomu 4 achuluka koposa. Chifukwa chake ana ambiri oyenera kulowa atsala kunja chaka chilichonse. Pamene malo ali ochepa, kulakwa kwakung'ono kungathe kumtayitsa mwana mwayi wake wonse.

CHIPATA CHOYAMBA: MAYESO

Mayeso a Fomu 4 atchedwa MSCE, ndipo awakonza ndi kuwachonga ndi a bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Pa phunziro lililonse mwana apatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Makolo azindikire kuti pano nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana. Kuyambira 3 kufikira 6 ndiko kukhoza bwino, kumene aphunzitsi akutcha kirediti. Nambala 7 ndi 8 ndiko kungokhoza, ndipo 9 ndiko kulephera.

Anthu akamanena kuti mwana wapeza mapointi akutiakuti, atanthauza kuti awonkhetsa manambala a maphunziro 6 amene mwanayo wakhoza bwino koposa. Motero mapointi 6 ndiwo opambana onse. Tiyerekeze kuti mwana wapeza 4 pa Chingerezi, 5 pa Masamu, 3 pa Biology, 2 pa Zaulimi, 2 pa Chichewa ndi 4 pa Geography: ameneyu ali ndi mapointi 20.

Tsono pali kusiyana pakati pa kulandira satifiketi ya MSCE ndi kuyenera kulowa yunivesite. Mwana angathe kulandira satifiketi ali ndi ma 7 ndi ma 8 angapo. Koma wofuna digiri ayenera kukhala ndi makirediti osachepera 6, ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Mwana amene wapeza 1 ndi 2 pa maphunziro ena koma 7 pa Chingerezi, chitseko chimtsekekera. Chifukwa chake kholo likamva kuti mwana avutika ndi Chingerezi lisachedwe kukaonana ndi aphunzitsi ake.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana asankha maphunziro ake pofika Fomu 3, ndipo kusankha kumeneko ndiko kutsegula kapena kutseka njira za m'tsogolo. Amene afuna udokotala, unamwino kapena uinjiniya sangathe kuthawa Masamu ndi maphunziro a sayansi monga Physics, Chemistry ndi Biology. Mwana amene anasiya maphunzirowa chifukwa anzake anati ndi ovuta, sangawapeze mwadzidzidzi pa tsiku lolemba fomu.

Pa nthawi yolembetsa mayeso, makolo aonetsetse kuti dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa zalembedwa monga zilili pa chitupa cha unzika, ndi kuti maphunziro onse amene aphunzira alembedwa. Dzina lolakwika pa satifiketi livutitsa munthu zaka zambiri.

Kunyumba nako kuli ntchito. M'miyezi yotsiriza mwana apeputsidwe pa ntchito zapakhomo. Mtsikana amene adzuka m'bandakucha kukatunga madzi, naphika, nachapa, nalera ang'ono ake, sangapikisane ndi mnzake wa sukulu yogonera komweko. Nyali yowerengera usiku ndi chakudya cha m'mawa zithandiza kwambiri kuposa kukalipa.

Makolo asapereke ndalama zogulira likasa, ndiwo mapepala amene anthu anena kuti ndi mayeso obedwa. Ambiri mwa mapepala otere ndi abodza, ndipo mwana wogwidwa nawo zotsatira zake zifafanizidwa, mwinanso aimbidwa mlandu kukhoti. Mu 2020 mayeso a MSCE anabedwa, Boma linawaimitsa ali mkati, ndipo ana onse a dziko lino analembanso mu January 2021. Olakwa anali ochepa, koma ovutika anali onse.

CHIPATA CHACHIWIRI: KUPEMPHA MALO

Palibe mwana asankhidwa kupita ku yunivesite popanda kupempha, ngakhale akhale ndi mapointi 6. Ichi ndicho chinthu chachikulu chimene anthu ambiri a m'midzi sachidziwa. Kuchokera ku Sitandade 8 kupita ku Fomu 1 mwana angosankhidwa. Kuchokera ku Fomu 4 kupita ku yunivesite sizitero iyayi.

Ntchito yolandira mapempho a ana ofuna malo m'mayunivesite a Boma ili m'manja mwa bungwe la NCHE, limene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2011. Zotsatira za mayeso zikatuluka, bungweli lilengeza m'nyuzipepala ndi pa intaneti kuti nthawi yopempha yafika, ndipo litchula tsiku lotsekera. Fomu ilembedwa pa intaneti, ndipo pali ndalama yolembetsera imene ilipidwa mwa njira yotchulidwa m'chilengezocho. Risiti yake isungidwe bwino. Amene alibe foni yoyenera apite msanga kusukulu kumene mwana anaphunzira kapena pa boma, asadikire tsiku lotsiriza, pakuti netiweki ya kumudzi sidalirika.

Pa fomu mwana alemba maphunziro angapo amene afuna, kuyambira ndi amene awafunitsitsa. Maphunziro aliwonse ali ndi zofuna zakezake, ndipo zonsezi zalembedwa m'chilengezo. Osankha sayang'ana mapointi okha. Ayang'ananso mmene mwana wakhozera maphunziro ogwirizana ndi chimene wapempha. Wopempha uinjiniya amuona pa Masamu ndi Physics, ngakhale Chichewa ndi Bible Knowledge anapeza 1.

Apa ndi pamene makolo ena aononga zinthu ndi mtima wabwino. Aumiriza mwana kuti alembe udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya zokhazokha, chifukwa ndizo ntchito zomveka pamudzi. Koma maphunziro amenewa ndiwo alimbiranidwa ndi ana okhoza koposa m'dziko lonse. Mwana wa mapointi 20 akadzaza fomu yake yonse ndi zimenezi, atsala, pamene mnzake wa mapointi omwewo amene analembanso zauphunzitsi, zaulimi, zankhalango kapena zansomba angathe kupeza malo. Nzeru ndi kusakaniza: pamwamba alembe chimene mtima wake ufuna, pansi alembe chimene manambala ake angathe kufikira. Mphunzitsi wamkulu kapena mwana wa m'mudzi amene ali kale ku yunivesite angathe kulangiza bwino. Safunsa anadya phula.

Kwa zaka zingapo malo ankagawidwa potsata boma la kwawo kwa mwana, njira imene anthu ankaitcha kota. Mu 2020 Boma linalengeza kuti lathetsa njirayi, ndi kuti kusankha kuzitsata mmene mwana wakhozera.

Mayina a osankhidwa alengezedwa poyera. Malo a ku yunivesite ya Boma sagulitsidwa. Munthu aliyense woimba foni kunena kuti ali ndi mnzake ku ofesi amene angaike dzina la mwana pa mndandanda, bola atumiziridwe ndalama pa foni, ndi wakuba. Nkhani yotere ikanenedwe kupolisi.

CHIPATA CHACHITATU: NDALAMA

Maphunziro a ku yunivesite ndi olipira. Pofuna kuthandiza ana osauka, Boma linakhazikitsa mu 2015 bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zapamwamba, lotchedwa HESLGB. Makolo agwire zinthu zitatu za bungweli.

Choyamba, kupeza malo sikupeza ngongole. Ngongole ili ndi fomu yakeyake ndi tsiku lake lotsekera, ndipo mwana ayenera kupemphanso payekha. Chachiwiri, ngongole iperekedwa kwa osowa, tsono wopempha ayenera kuonetsa umboni wa mmene banja lake lilili. Chitupa cha unzika cha mwana chikhale chokonzeka, ndipo ngati ndi wamasiye, zikalata zosonyeza imfa ya makolo ake zifunidwe nthawi ikadalipo. Kunama pa fomu imeneyi ndi kulanda mwayi wa mwana wosaukitsitsa. Chachitatu, ngongole si mphatso. Mwana akatsiriza maphunziro ayenera kubweza, pakuti ndalama zimene abweza ndizo zidzaphunzitsa ang'ono ake.

Pali thandizo lina losabweza, lochokera ku mipingo, makampani, mabungwe ndi maboma a mayiko ena. Bungwe la CAMFED, limene linayamba ntchito m'Malawi mu 2009, lithandiza atsikana a m'midzi pa maphunziro. Thandizo lotere ndi lochepa ndipo opempha ndi ambiri, tsono banja lisalidalire lokha. Ndipo lamulo ndi lomweli: wopereka thandizo loona sayamba wapempha ndalama kwa wosauka.

Ngakhale mwana apeze ngongole, pali zina zimene zigwera banja: ulendo, zofunda, sopo, mapepala, ndipo kawirikawiri lendi, pakuti zipinda zogona za pa yunivesite sizikwanira onse. Nthawi zina ngongole ichedwa kufika pamene sukulu yatsegula kale. Chifukwa chake kukonzeka kuyambe mwana akadali mu Fomu 4. Mayeso kawirikawiri alembedwa m'miyezi ya June ndi July, nthawi yomweyo imene alimi ali kugulitsa mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Banja lanzeru lipatula gawo la ndalama zimenezi, kapena lisunga mbuzi ziwiri, kapena liika kanthu ku banki m'khonde, m'malo modzathamangira katapila pa tsiku lotsiriza. Amalume, azakhali ndi abale a m'tauni auzidwe msanga, kuti aliyense adziwe mbali yake.

MWANA AKAPANDA KUSANKHIDWA

Kutsala pa mndandanda si kutha kwa moyo. Pali makoleji a uphunzitsi wa ku pulayimale m'zigawo zonse zitatu, ndiponso Domasi ndi Nalikule kumene aphunzitsa aphunzitsi a ku sekondale. Pali Malawi College of Health Sciences ndi sukulu za unamwino za pa zipatala za mishoni, monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo. Pali sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Livingstonia, kumene mwana aphunzira zamagetsi, zomanga, ukalipentala ndi umakaniki. Nthawi yolandira mapempho a sukuluzi ilengezedwa, tsono mwana akhale tcheru. Amene anaperewera pang'ono angathe kubwereza mayeso chaka chotsatira.

Palinso mayunivesite amene si a Boma, monga Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia. Makolo asanagulitse ng'ombe kuti alipire sukulu iliyonse yotere, ayambe afufuza ngati sukuluyo, pamodzi ndi maphunziro amene mwana afuna, zili pa mndandanda wa zovomerezedwa ndi NCHE. Digiri ya sukulu yosavomerezeka ingathe kukanidwa ndi olemba ntchito, ndipo ngongole ya Boma siperekedwa kwa ophunzira a kumeneko.

Pakati pa mayeso ndi kuyamba sukulu yapamwamba papita miyezi yambiri. M'nyengo imeneyi atsikana ena okhoza bwino akwatiwa, ndipo mwayi wawo uthera pomwepo. Makolo alimbe mtima nadikire pamodzi ndi mwana wawo.

MAWU KWA APHUNZITSI NDI MAFUMU

Makolo ambiri amene nkhaniyi iwakhudza sadziwa kuwerenga. Chifukwa chake aphunzitsi apemphedwa kuifotokoza pa misonkhano ya makolo, ndi kumata zilengezo za NCHE ndi za ngongole pa khomo la sukulu zikangotuluka. Mafumu ndi akulu a mpingo afunse m'midzi mwawo ngati muli mwana wokhoza amene sanalembe fomu. Mwana mmodzi wophunzira unamwino kapena zaulimi apindulitsa mudzi wonse, tsono n'koyenera kuti mudzi wonse umuthandize kudutsa pa zipata zitatuzi.