KAMERA YOONA KUTENTHA KWA THUPI

Munthu wa ku Kafue amene impso zace zaleka kugwira nchito ali nao ulendo wosatha. Ayenera kuyenda makilomita oposa 40 kunka ku Lusaka, kumene zipatala zonga University Teaching Hospital ziri ndi makina otsuka mwazi. Nchito imeneyi ichedwa dialysis. Kawirikawiri icitika katatu pa mlungu, ndipo wodwala akhala pa makina monga maora 4.

Kuti mwazi uturuke ndi kubwerera msanga, dotolo alumikiza mitsempha iwiri ya pamkono: umene utenga mwazi kucokera kumtima ndi umene uubweza. Columikiza cimeneci cichedwa fistula, ndipo cinadziwika m'caka ca 1966 mwa nchito ya madotolo Brescia ndi Cimino a ku New York.

Tsono vuto nali. Mwazi uli ngati madzi a m'ngalande: utsata njira yofewa. Nthawi zina wambiri upatukira m'fistula, ndipo dzanja litsala ndi njala. Zala zizizira, zicita dzanzi, ziwawa, ndipo pocedwa zibuka zironda zosapola. Odwala nthenda ya shuga ndiwo agwidwa koposa, ndipo mapazi aonso ali pangozi.

Apa ndipo pathandiza kamera ya kutentha. Thupi liri lonse lituritsa kuwala kumene maso sakuona, kumene William Herschel anakutulukira m'caka ca 1800. Kamera ikugwira nikusandutsa cithunzi ca mitundu: pofunda paoneka pofiira kapena poyera, pozizira paoneka pobiriwira. Popeza mwazi ndiwo utenga kutentha, cala cosowa mwazi cidziulula cokha. Palibe jekeseni, palibe kupweteka, ndipo makamera ena ngang'ono kotero kuti amangika ku foni ya m'manja.

Madotolo a ku Birmingham, ku England, anafalitsa m'caka ca 2017 zimene anapeza pojambula manja asanacite opareshoni ndi pambuyo pace. Anaona kuti dzanja likazizirako pang'ono, ndico cizindikilo cakuti fistula yayamba nchito. Coopsa ndico kuzizira kodza pamodzi ndi ululu. Pa mapazi a odwala shuga, kusiyana koposa madigiri 2.2 pakati pa phazi ndi linzace kucenjeza kuti cironda cingabuke.

Koma kamera iona khungu lokha. Mphepo ya m'Juni ingainyenge, cifukwa cace wodwala ayamba wakhala m'cipinda kanthawi asanajambulidwe, ndipo dotolo atsimikiza ndi makina a Doppler omvera kuyenda kwa mwazi.

Wodwala asadikire kamera. M'mawa muli monse aike zala pa fistula namve kunjenjemera kwace. Kukaleka, afulumire ku cipatala tsiku lomwelo. Mkono umenewo asaugonere, asaumange ndi wochi yothina, asanyamule nao zolemera. Ndipo dzanja likazizira ndi kuwawa, auze namwino, asaliothetse moto, pakuti cala ca dzanzi cipsa mwini wace osamva.