Njira Imene Ndalama ya Boma Imayenda Kufika kwa Ovina a ku Midzi ya Japan

Patsinde pa phiri la Hayachine, m'chigawo cha Iwate kumpoto kwa Japan, pali midzi iwiri, Take ndi Otsugunai, imene yasunga kwa zaka mazana ambiri gule wopembedzera wotchedwa kagura. Wovina amatulukira kuseri kwa chinsalu, ng'oma ndi chitoliro ndi tizitsulo tam'manja zikumuitana. Poyamba amabwera ovala zipewa za tambala ndi thadzi, ndipo potsiriza pamatuluka chimutu chakuda chamtengo chotchedwa Gongen, chikugundanitsa mano ake kuti choipa chithawe. Mu 2009 bungwe la UNESCO linalemba guleyu m'kaundula wa chuma cha anthu onse, momwe Gule Wamkulu wathu analowa chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Koma chigoba chimang'aluka, chikopa cha ng'oma chimatha, nsalu imadyedwa ndi njenjete. Ndipo aliyense wofuna kudziwa mmene boma limagwirira ntchito achite bwino kulondola ndalama yokonzera zimenezi, aone makomo amene imadutsa.

Maziko ake ndi lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe la 1950, limene linakhazikitsidwa moto utawononga zojambula zakalekale za m'kachisi wa Horyuji mu 1949. Mu 1975 analikonza kuti likumbukirenso magule ndi miyambo ya anthu wamba, ndipo kagura wa ku Hayachine anali m'gulu loyamba kuzindikiridwa mu 1976. Kuzindikiridwaku kuli pamasitepe atatu: kwa khonsolo, kwa chigawo, pakuti Japan ali ndi zigawo 47, ndi kwa boma lalikulu kupyolera m'nthambi yake yoona za chikhalidwe, Bunkacho, imene inayamba mu 1968 nisamukira ku Kyoto mu 2023. Gule amene sanalembedwe pa sitepe iliyonse ali ngati mwana wamasiye pa nkhani ya ndalama, ngakhale atakhala wokoma chotani.

China chimene munthu ayenera kumvetsa n'chakuti ndime 89 ya malamulo oyendetsera dziko la Japan imaletsa kupereka ndalama za boma kuti zithandize chipembedzo. Tsono popeza magule ambiri anabadwira kukachisi, anthu a m'mudzi amakhazikitsa bungwe lapadera losunga mwambo, hozonkai m'chinenero chawo, lokhala ndi malamulo olembedwa, wapampando, msungichuma, chidindo ndi buku la kubanki. Ndipo boma limathandiza bungwelo monga losunga chikhalidwe, osati monga lopembedza. Nzeru imeneyi ndi yabwino, ndipo yapulumutsa miyambo yambiri. Komabe imasandutsa mlimi wa mpunga, amene luso lake lili m'mapazi ndi m'mapewa, kukhala mlembi wa muofesi.

Pempho lenileni limayamba kwa mkulu woona za chikhalidwe kukhonsolo, amene kawirikawiri amakhala pansi pa komiti ya maphunziro. Kuchoka apo limapita kuchigawo, kenaka kulikulu. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March, choncho amene afuna kukonza ng'oma chaka chamawa ayenera kulemba miyezi yambiri chisanafike, atafunsa kale mitengo kwa amisiri ndi kujambula zithunzi za zowonongekazo. Akatumiza adikire kalata yovomereza, pakuti chilichonse chogulidwa kalatayo isanabwere sichiwerengedwa. Ndipo ngakhale kuona maso a nkhono n'kudekha, chikondwerero cha kukachisi chili ndi tsiku lake limene silidikira chidindo cha munthu.

Apa ndipo pali mwala wopunthwitsa, ndipo ndifuna tiimepo. Nthawi zambiri boma lalikulu limapereka theka la mtengo, chigawo ndi khonsolo zimawonjezerapo monga zingathere, ndipo chotsala chimagwera eni mwambo. Kuwonjezera apo, mwambo wa thandizo la boma ndi wakuti ndalama imabwera ntchito itatha, lipoti litalembedwa, malisiti onse atasonkhanitsidwa ndi kuyesedwa. Kotero kuti bungwe liyenera kukhala ndi ndalama kale kuti lilandire ndalama. Gulu la zisudzo la ku Tokyo, lokhala ndi mlembi wolipidwa ndi banki yolidziwa, limadutsa pakhomo limeneli osawerama n'komwe. Koma m'mudzi wa m'mapiri, momwe oposa theka la anthu anapitirira zaka 65, momwe sukulu inatsekedwa ndipo anyamata anapita kumizinda, ndalama yoyambirayo imasonkhedwa khomo ndi khomo kuchokera kupenshoni za nkhalamba, ndipo mafomu amalembedwa usiku ndi munthu mmodzi yemweyo amene amaimba ng'oma, amasunga makiyi, naphunzitsanso ana. Ine ndikuona kuti lamulo lofanana kwa onse, likaikidwa pa anthu osafanana mphamvu, limakondera wamphamvu ngakhale wolilemba sanafune kutero.

Ngakhale khonsolo imene inali mnansi inatalikira. Mu 1999 Japan anali ndi makhonsolo 3,232. Pofika mu 2010, ataphatikizidwa, anatsala 1,727. Tauni ya Ohasama, kwawo kwa Hayachine, inalowa mumzinda wa Hanamaki mu 2006. Kumene kale mkulu wa ofesi ankadziwa wovina aliyense ndi dzina, lero munthu mmodzi angayang'anire miyambo ya midzi yambirimbiri, ndipo asanaidziwe bwino amamusamutsira kuofesi ina.

Makomo ena alipo, ndipo wanzeru amagogoda ponse. Thumba la Japan Arts Fund, lokhazikitsidwa mu 1990 ndi ndalama za boma pamodzi ndi za makampani, limathandiza zionetsero ndi ntchito zosunga magule a kumidzi. Phindu la lotale ya dziko limagulira midzi ng'oma ndi zovala za chikondwerero kupyolera kukhonsolo. Mabungwe achifundo a makampani, monga a Meiji Yasuda ndi Pola, amapereka thandizo lochepa koma losavuta kupempha. Ndipo kuyambira mu 2008 munthu wokhala mumzinda akhoza kutumiza gawo la msonkho wake kukhonsolo imene waisankha, mwa njira yotchedwa furusato nozei. Magulu ena oyandikana amaphatikizana kukhala chigwirizano chimodzi ndi kulemba pempho limodzi, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga.

Komabe pafupifupi thandizo lonseli limagula zinthu: chigoba, nsalu, kanema wojambula gule kuti asaiwalike. Silimalipira kawirikawiri ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mlembi, kapena chakudya cha ophunzira, ndipo silingabweze mwana amene anapita kumzinda wa Sendai. Pa 17 February 2024, m'chigawo chomwecho cha Iwate, kachisi wa Kokusekiji anachita komaliza chikondwerero cha Somin-sai, chimene amati chinakhalapo zaka zoposa 1,000; khamu la odzaonerera linalipo, mbiri inalipo, koma mabanja amene ankagwira ntchito yokonzekera anali atakalamba, ndipo wolowa m'malo mwawo anasowa. Chimene ndikadapempha akuluakulu a ku Kyoto n'chakuti mabungwe aang'ono azipatsidwa gawo la ndalama ntchito isanayambe, fomu yawo ifupikitsidwe molingana ndi kuchepa kwa chopemphacho, ndipo khonsolo iliyonse ikhale ndi mlembi woyendera midzi, wokhala pansi ndi okalambawo kulemba nawo pempho mwezi wotumizira usanathe.