Zala za Woimba Besi ku Midrand

Ndinayamba kuona zala, gitala ndinamuona pambuyo. Ziwiri za ku dzanja lamanzere zinali zokulungidwa ndi tepi yakuda ija amamatira mawaya a magetsi, koma mwini wake ankazithamangitsa pa nsambo ngati palibe kanthu. Linali Lachinayi usiku m'kalabu ina yaing'ono ku Midrand, yobisala kuseri kwa mashopu, yoti anthu akangochulukamo pang'ono mpweya umayamba kuperewera. Bandi inkayesa mawu anthu asanabwere: mtsikana wa gitala wopanda magetsi kutsogolo, anyamata awiri m'mbali, wa ng'oma pakona. Woimba besi anali wachisanu, ataima kumbuyo kumene kuwala kwa pa siteji sikufika. Nsambo ina itakana kukungika, ndinamumva akuikalipira chapansipansi: "Iwenso wayamba liti mwano?"

Chichewa chimenecho, pakati pa Chizulu, Chingerezi ndi Afrikaans, chinandidzutsa pampando. Atatsika ndinamupatsa moni. "Wawa achimwene, kumudzi n'kuti?" Anaseka, n'kundigwira chanza ndi dzanja lokhakhala ngati khungu la nsomba youma. Nditafunsa za tepi, anati si gitala wachita zimenezo, ndi simenti. Masana amathandiza amisiri oika matailosi m'nyumba zatsopano za ku Waterfall, kufupi ndi Mall of Africa. Simenti imadya khungu, imasiya ming'alu ku nsonga za zala, ndipo nsambo za besi, zonenepa ngati waya wa mpanda, zimangomalizitsa.

Nyimbo zimene bandi yake imaimba kuno amazitcha indie folk rock. Maziko ake ndi gitala wopanda magetsi ndi mawu a munthu wosimba nkhani yake, kenako ng'oma ndi besi n'kuzipatsa msana. Dzina loti indie likuchokera ku mawu otanthauza kudziimira pawekha, kopanda kampani yaikulu yojambula nyimbo kumbuyo kwako. Pa positala mawuwo amakoma. Pa ntchito akutanthauza kuti ukasowa ya mafuta a galimoto palibe woti umuimbire foni. Alipo amene nyimbo zamtunduwu zinawatulutsa: Jeremy Loops wa ku Cape Town, Bongeziwe Mabandla wa ku Eastern Cape, gulu la Urban Village la ku Soweto. Kumbuyo kwa aliyense wa iwo kuli magulu ambirimbiri amene dzina lawo limathera pa bolodi ya choko pakhomo pa kalabu.

Midrand si mudzi wa mabandi. Ndi dera la maofesi, nyumba zosungiramo katundu ndi nyumba za m'mipanda, lomwe linamera m'mbali mwa msewu wa N1 pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, pamalo pomwe kale pankatchedwa Halfway House chifukwa apaulendo ankapumirapo. Nyumba ya malamulo ya Africa, Pan-African Parliament, ili kuno. Usiku wa kuno ndi wa amapiano. Ofuna magitala amakwera msewu kupita ku Railways Cafe ku Irene, kapena kutsikira ku Melville ndi Braamfontein. Ngakhale kumeneko malo akhala akutsekedwa: The Orbit, nyumba yotchuka ya jazi ku Braamfontein, inatseka mu 2019, mliri usanafike n'komwe. Pamene boma linatseka dziko pa 27 Malichi 2020, n'kuletsa mowa ndi kuyenda usiku, makalabu ena sanadzukenso. Choncho bandi ya ku Midrand imaimba pomwe yapeza: m'malo odyera, m'misika ya Loweruka, m'bala yomwe mwini wake akadali ndi mtima wa gitala.

Za kuyeserera, kunyamula zida ndi kupinda mawaya sindichulutsa, n'zofanana kulikonse. Nkhani yomwe aliyense m'ntchitoyi amabwererako, ukayamba naye za nyimbo kapena za nyengo, ndi ya pakhomo.

Makalabu aang'ono ambiri salonjeza bandi ndalama yodziwikiratu. Pangano lake n'lakuti bweretsani anthu anu, za matikiti n'zanu, za mowa ndi chakudya n'zathu. Ena amadulanso gawo lawo pa matikitiwo. Woyendetsa zokuzira mawu amalipidwa poyamba, anthu abwere asabwere, chifukwa iye sanalonjeze kukoka aliyense. Zotsalazo ndiye zigawidwe pasanu. Mvula ya matalala ya ku Gauteng ikagwa madzulo, kapena Springboks ikamasewera usiku womwewo, bandi imaimbira mipando ndi operekera zakumwa. Wa ng'oma anandiuza kuti iye akakwera pa siteji sawerenga nyimbo, amawerenga mitu. Akafika nyimbo yachitatu amakhala atadziwa kale ngati abwerere kwawo ndi kanthu kapena ndi ngongole, ndipo nyimbo zisanu ndi ziwiri zotsalazo amaziimba akudziwa.

Mnzanga wa besi ali ndi masamu akeake. Amakhala ku Ivory Park, kutsidya kwa njanji ndi mafakitale, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni. Ampulifaya ya besi ndi chibokosi cholemera, ndipo m'takisi za kuno, zomwe zilibe kondakitala, ndalama zimangoyenda dzanja ndi dzanja mpaka kutsogolo, dalaivala amati bokosilo lilipire mpando wake. Popita zimatheka. Pobwerera, cha m'ma 11 koloko usiku, takisi zapita kukagona, sitima ya Gautrain inaweruka kalekale ndipo sifikanso kwawoko. Chotsala ndi galimoto zoitanitsa pa foni, ndipo madalaivala ena akangoona kumene akupita amathimitsa ulendo. "Akulu, pali masiku ena ndimagwirira ntchito galimoto," anatero. "Ndaimba ine, yadya ndi galimoto." Onjezanipo nsambo zatsopano, zimene za besi mtengo wake umaposa kutali za gitala wamba. Iye zakale amaziwiritsa m'madzi pa sitovu kuti litsiro lituluke, mawu ake awale kwa sabata ina. Nditamva zimenezo ndinakumbukira ana a kwathu akukunga waya wa mabuleki a njinga pa banjo ya chigubu. Umphawi wa woimba umasintha zida zokha.

Nanga amapiriranji? Apa m'pomwe ndinamvetsa kuti ntchito ya woimba waganyu ili ndi maguwa atatu. Lamlungu amaimba ku tchalitchi china cha chipentekosite chomwe chimakumana m'nyumba yomwe kale inali yosungiramo katundu, ndipo kumeneko envelopu imabwera mwezi ndi mwezi. Loweruka, nyengo ikakoma, kumakhala maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi a ku Tembisa ndi Diepsloot, kumene amafuna nyimbo za Lucius Banda ndi Black Missionaries mpaka miyendo itatopa, perekaniperekani ali mkati. Lachinayi ndiye kalabu. "Abusa amalipira pa nthawi yake, akuchikwati amalipira atakangana, kalabu imalipira ikafuna." Koma ku tchalitchi amamuuza choti aimbe, ku ukwati amamuuza choti aimbe. Ku kalabu kokha n'kumene mtsikana uja amabwera ndi nyimbo yosaphika, n'kumuuza kuti aikemo zomwe akumva.

Pali munthu wina yemwe ndinamuiwala mpaka maikolofoni italira tswii pakati pa nyimbo, anthu onse n'kutembenukira kumbuyo. Ndi bambo wachikulire wokhala pa mikisa, wa ku Bulawayo, yemwe anati ntchito yake ndi ya mtundu wa mlonda: akaigwira bwino palibe amadziwa kuti alipo. Iye ndiye anandisimbira za 2023, chaka chimene magetsi ankathima mwa ndondomeko masiku oposa 300. Ife okulira ku Malawi tinkangoseka chamumtima poona eni dziko akudabwa ndi mdima. Koma kwa iye sizinali zoseketsa. Jenereta imalowetsa kaphokoso kong'ung'udza m'masipika, ndipo magetsi akabwerera mwamphamvu amatha kuwotcha chida chomwe munthu anasungira ndalama chaka chathunthu. Chodabwitsa n'chakuti mabandi a magitala opanda magetsi ndiwo anapulumukako. Ankangozula mawaya, kuyatsa makandulo, anthu n'kusendera pafupi. Wa besi yekha ndiye ankakhala pansi manja ali m'thumba, popeza besi yopanda magetsi imamveka kwa mwini wake yekha.

Mwini kalabu naye ali ndi mawu ake, ndipo sindingamunamizire kuti ndi wankhanza. Anandiwerengera lendi, alonda, chiphaso cha mowa, ndi chiphaso cha SAMRO chomwe malo oimbirapo nyimbo amayenera kulipira. Kenako anandifunsa kuti ndikanakhala ine ndikanasankha chiyani: anthu asanu ofuna siteji, mikisa ndi chakudya, omwe owatsatira amakhala phee kumvetsera ali ndi botolo limodzi usiku wonse, kapena DJ mmodzi wobwera ndi kafulashi m'thumba, wovinitsa anthu mpaka ludzu liwagwire. Ndinalibe yankho. Anati Lachinayi amalisunga chifukwa naye ankaimba ali mnyamata, basi.

Zala za Mmalawi pa gitala wa ku Joni si zachilendo. Anthu a Wenela ankabwerera kumudzi ndi magitala ndi magalamafoni, ndipo kwela ya m'misewu ya Johannesburg inakamera ku Chileka m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba. Ray Phiri wa gulu la Stimela, yemwe gitala wake amamveka mu Graceland ya Paul Simon ya 1986, analeredwa ndi bambo wochokera ku Malawi, woimba gitala amene anasiya atavulala zala, mwana n'kutola chidacho. Erik Paliani anachoka kwathu n'kudzakonza chimbale cha Zamajobe, Ndawo Yami, mu 2004, kenako Phola ya Hugh Masekela mu 2009. Ndipo ngati pali gulu lomwe linatsegula njira ya magitala opanda magetsi mu Johannesburg wa pambuyo pa tsankho, ndi Blk Sonshine, la Neo Muyanga ndi Masauko Chipembere, mwana wa Henry Masauko Chipembere, omwe anakumana ku Yeoville m'zaka za m'ma 1990. Mnzangayu maina onsewa amawadziwa. Koma nditatchula za bambo ake a Ray Phiri anangoyang'ana tepi ya pa zala zake, osanena kanthu.

Chimene chimandisowetsa mtendere chinachitika chakumapeto kwa usikuwo. Mtsikana uja anatchula anzake mmodzimmodzi, ndipo atafika kwa wa besi anati ndi m'bale wathu wochokera ku Malawi. Anthu anawomba m'manja kwambiri kuposa kwa ena onse. Nyimbo yotsatira ndi imene anthu amaikonda pa gululi, ndipo chimene amaikondera ndinachizindikira msanga: besi ikuyenda mwa rege ya ku Balaka, ija ya Alleluya Band ndi Paul Banda, imene mnzangayu anaiphunzira pomvera wailesi ya MBC ali mwana. Omverawo sakudziwa dzina lake, amangomva kuti pali china chotsekemera chomwe magulu ena alibe. Koma nyimbo ikalembetsedwa ku SAMRO, monganso ku COSOMA kwathu, ndalama zimatsata wopeka. Woimba besi waganyu sawerengedwa ngati wopeka, pokhapokha eni nyimbo atamulemba. Bungwe la SAMPRA limatolera za oimba amene anajambulidwa m'chimbale, koma kumeneko kumafunika mapepala ndi akaunti ya ku banki, pomwe Mmalawi wolowa ndi pasipoti amapatsidwa masiku 30 okha. Zotsalazo sindinamufunse, nayenso sananene.

Ndinafuna kukwiyira mtsikanayo koma zinandikanika. Masana amaphunzitsa ana gitala m'nyumba za eni, ndipo chipinda choyeserera amalipira yekha m'thumba mwake. Ndi iyenso amene anaimbira wa besi foni tsiku lililonse pamene magulu othamangitsa alendo ankayendayenda m'makomboni mu 2022, n'kumuuza kuti akafuna abwere adzagone kwawo. Pogawana za pakhomo amagawa mofanana, osadzitengera zambiri. Kungoti pa fomu ya wopeka pamalembedwa dzina limodzi, ndipo palibe anaganizapo kuti pangalembedwe awiri. Nditamufunsa mnzanga ngati anayamba wazinena, anapukusa mutu. "Mlendo ndi mame, akulu. Ukayamba kufunsa za mafomu, mawa apeza wina wa besi. Tilipo ambiri."

Alipodi ambiri. Anandiwerengera wa kiyibodi wa ku Zomba yemwe masana amadulira maluwa ku Kyalami, wa ng'oma wa ku Nkhata Bay wotsuka magalimoto, ndi wina wa gitala yemwe anagulitsa chida chake nthawi ya mliri kuti atumize ndalama za maliro kumudzi, mpaka lero sanagulenso china. Onsewo amadziwana pa WhatsApp, amabwerekana ma ampulifaya, amalowerana m'malo wina akatsekeredwa ku ntchito. Palibe mmodzi mwa iwo amene kumudzi amadziwika ngati woimba. Kwawo amangodziwa kuti ali ku Joni ndipo ya feteleza imafika pa Mukuru.

Atamaliza tinatuluka panja, pamalo oimika magalimoto. Mtsikana uja anawerengera ndalama pa boneti, foni ikuunikira, n'kupanga milu isanu. Sizinatenge nthawi. Wa ng'oma anati lero amudutsitsa mpaka pa Allandale Road, kuchokera pamenepo aone yekha. Mnzanga anapinda gawo lake osaliwerenganso, n'kuliika m'sokosi. Kenako anamatula tepi ija ndi mano, pang'onopang'ono, akukwinya nkhope, n'kuikulunga bwinobwino pa cholembera kuti idzagwirenso ntchito Lamlungu. Ndinamufunsa kuti mawa adzuka nthawi yanji. Anati 5 koloko, pali mabafa awiri oti amalize bwana asanabwere kudzaona.