Msilikali ndi ndalama ya chakudya chomwe sadadye

Ndili ndi mphwanga amene adalowa usilikali ku Britain. Sindimutchula dzina, chifukwa sangakondwe kumva kuti nkhani ya m'mimba mwake yafika m'nyuzipepala. Koma zomwe ndidaphunzira pa chikalata chake cha malipiro ndaona kuti ndigawireko ena, makamaka mabanja amene ali ndi ana kumeneko. Mabanja oterewa akuchuluka. Kuyambira mu November 2018, pomwe boma la Britain lidachotsa lamulo loti munthu wa m'maiko a Commonwealth ayambe wakhala m'dzikomo zaka zisanu asanafunsire usilikali, anyamata ndi atsikana a kuno akhala akuyesa mwayi wawo.

Nkhani idayamba ndi madandaulo. Atatha miyezi ingapo ali kumeneko, ndalama zomwe ankatumiza sizimafika pomwe abale ankayembekezera. Amalume adanena poyera pakhonde la amayi: "Boma limamudyetsa, limamuveka, limamugoneka. Nanga ndalama amapita nazo kuti? Mwanayu wayamba mowa kapena wapeza mkazi." Amayi sadayankhe, koma ndidaona kuti mawuwo awalasa. Madzulo ake ndidakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe netiweki imagwira, n'kumufunsa mosapita m'mbali. Iye sadakangane nane. Adangojambula chikalata cha malipiro, chija timati pay slip, n'kunditumizira pa WhatsApp ndi mawu akuti, "Achimwene, inu ndi a masamu, werengani nokha."

Ndidawerenga. Pali msonkho. Pali National Insurance. Pali ndalama ya chipinda chomwe amagona. Ndiye pali mzere wina womwe udandidabwitsa: chakudya. Inenso, ndi dipuloma yanga yonseyi, ndinkaganiza ngati amalume kuti msilikali amadya zaulere.

Ku Britain zimayenda chonchi. Amene angoyamba kumene maphunziro a usilikali, m'malo ngati Catterick kapena Pirbright, amadulidwa ndalama ya chakudya tsiku ndi tsiku kuchokera kumalipiro awo. Ndalamayi amaitcha Daily Food Charge, ndipo ndi ya kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero. Mtengo wake umaunikidwa ndi bungwe loima palokha lotchedwa Armed Forces' Pay Review Body, lomwe limalangiza boma pa malipiro a asilikali chaka ndi chaka. Ena amapitiriza kudulidwa motere ngakhale pamene akuphunzira luso la ntchito yawo, monga momwe zidalili ndi mphwanga. Koma ambiri amene adamaliza maphunziro ali pa dongosolo lina lotchedwa Pay As You Dine. Apa munthu sadulidwa kanthu pamwezi. Akalowa m'chipinda chodyera amalipira pomwepo, ngati mulesitilanti. Akakhala kunkhondo kapena kutchire masiku angapo pa zoyeserera, pamenepo ndiye amadya za boma osalipira.

Madongosolo awiriwa ali ndi minga yake yake. Pay As You Dine idabwera chifukwa asilikali ankadandaula kuti akulipira chakudya chomwe sakudya, makamaka Loweruka ndi Lamlungu akapita kwawo. Itabwera, padabuka vuto lina lomwe mphunzitsi aliyense wa m'boma angalimvetse popanda kumufotokozera: mnyamata wa zaka 19 akalandira ndalama yonse m'manja, pofika pa 20 m'thumba muli mbee. Zidafika poti akuluakulu adakonza njira yotchedwa Hungry Soldier, yoti msilikali amene zamuthera adye pangongole, adzamudule mwezi wotsatira. Ndidaseka nditamva izi. Kani ngongole ya pagolosale ya pakati pa mwezi si ya ife tokha.

Koma nkhani yanga ili pa dongosolo loyambalo, pomwe ndalama imachoka kaye munthu asanaone mbale. Funso ndi ili: wadulidwa ya nkhomaliro, koma nthawi ya nkhomaliro udali pantchito kutali ndi khitchini. Ndalama ija ipite kuti?

Malamulo awo adaliganizira funsoli. Msilikali amene amalipira Daily Food Charge, ngati waphonya chakudya chifukwa cha ntchito, ndipo sadapatsidwe kamba wonyamula kapena chakudya china m'malo mwake, ali ndi ufulu wopempha kuti amubwezere. Pempholi limadzera pa kompyuta, m'dongosolo la malipiro lotchedwa Joint Personnel Administration, mwachidule JPA, kapena kudzera kwa makalaki a gulu lake. Mawu ofunika kwambiri apa ndi akuti "chifukwa cha ntchito". Amene wagonereza n'kuphonya kadzutsa alibe chonena. Amene waona ndiwo n'kuipidwa nazo, n'kupita kukagula tchipisi kunja kwa mpanda, nayenso alibe chonena. Ndipo amene angalembe zabodza kuti apate kangachepe wapalamula mlandu wachinyengo, womwe ungamuthere ntchito. Kwa amene ali pa Pay As You Dine palibe chobweza, poti sadalipiretu kanthu, ngakhale pali ma alawansi ena a chakudya ntchito ikamupititsa kutali.

Nditamufunsa mphwanga ngati adaphonyapo chakudya, adati kangapo konse. Amaphunzira zoyendetsa galimoto zikuluzikulu. Masiku ambiri ankapatsidwa kamba m'kathumba, koma masiku ena ulendo unkatalika mosayembekezera, n'kubwerera atatseka kale kodyera. Pamenepo ankagula buledi ndi zakumwa pamalo omwetsera mafuta, ndi ndalama ya m'thumba. Ndiye kuti mgonero umodzi ankaulipira kawiri: koyamba pa pay slip, kachiwiri pa kauntala.

"Nanga udapempha kuti akubwezere?"

"Ayi achimwene. Ndiyambe kulondalonda ndalama ya tiyi? Andiona bwanji? Adzati Mmalawi uja ndi wadyera."

Apa ndi pomwe ndidakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ndidamva mawu a amayi athu m'kamwa mwake. Tidaleredwa kuti kwa eni sudandaula za chakudya. Ukafika atadya kale umati "ndakhuta" ngakhale m'mimba mukulira. Mwana wofunsa za ndiwo ankatchedwa wosaleredwa bwino. Ulemu umenewu ndi wabwino pamudzi, pomwe nsima ndi mphatso ya mwini nyumba. Koma mphwanga sali kwa azakhali. Chakudya chija si mphatso. Adachigula ndi thukuta lake, ndipo fomu yopemphera adaikonza ndi eni ake omwewo amene iye akuopa kuti amuona wadyera. Anzake obadwira komweko amalemba mosaphethira, ndipo palibe amene amawaseka.

Ndidamuchitira masamu ngati tili m'kalasi. Tingoyerekeza kuti chakudya chimodzi ndi mapaundi 2. Ichi ndi chitsanzo chabe cha pabolodi. Ukaphonya katatu pasabata, ndi mapaundi 6. Pa masabata 26, yomwe ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndi mapaundi 156. Kumeneko ndi ndalama yoti munthu angathere pa nsapato ndi jekete. Koma chigwetsereni kwacha mu November 2023, paundi imodzi imaposa K2,000 ngakhale pa mtengo wa kubanki. Ndiye kuti ndalama ya tiyi yomwe ankachita nayo manyaziyo ikadutsa K300,000 ikafika kuno. Ndi ndalama yomwe amalume ankaifunafuna pakhonde paja.

Ndisanamizire kuti manyazi ndiwo okha amalepheretsa. Msilikali wamng'ono amafunika wamkulu wake atsimikize kuti adalidi pantchito nthawi imeneyo, ndipo si wophunzira aliyense amene angalimbe mtima kuima pamaso pa sajeni ndi nkhani ya mgonero. Kwa mlendo mantha amawirikiza. Iye amaganiza za visa, za tsiku lomwe adzapemphe chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndiye amasankha kukhala munthu wosavuta. China ndi kuiwala. Ukapanda kulemba tsiku, malo ndi chifukwa pomwepo, pakatha mwezi sungakumbukire ngati lidali Lachiwiri kapena Lachitatu, ndipo kalaki sangalandire "tsiku lina lake".

Ku America nkhani yomweyi idakula mpaka kufika ku nyumba ya malamulo. Kumeneko msilikali wamba amalandira alawansi ya chakudya yotchedwa Basic Allowance for Subsistence, yomwe mu 2024 idali madola 460.25 pamwezi. Koma kwa asilikali aang'ono amene amagona m'nyumba za pakampu, gawo lalikulu la ndalamayi limadulidwa asanaione, poti amayenera kudya kumalo odyera a pakampupo. Nawonso ali ndi fomu yopemphera ndalama ya chakudya chophonyedwa, DD Form 1475, yomwe mkulu wa gulu ayenera kusainira. Mu February 2025 atolankhani a Military.com adafalitsa zomwe adapeza atafufuza makampu 11 akuluakulu a asilikali a pamtunda. Adati mwa madola 225 miliyoni omwe adadulidwa kwa asilikali m'chaka cha boma cha 2024, madola oposa 151 miliyoni sadagulire chakudya. Gawani nokha: pa madola atatu alionse, awiri adalowera kwina. Akuluakulu adafotokoza kuti chakudya amagula potengera chiwerengero cha anthu amene amabweradi kudzadya. Koma taonani msampha wake. Chakudya chikaipa kapena malo odyera akamatsekedwa msanga, odya amachepa. Odya akachepa, ndalama yogulira chakudya imachepa. Ikachepa, chakudya chimaipiraipira. Chokhacho chomwe sichichepa ndi chomwe chikudulidwa pa malipiro a mnyamata uja. Aphungu ena adalemba kalata yofunsa komwe ndalamazo zidapita.

Mkangano wa msilikali ndi mbale yake si wa lero. Mu 1797, amalinyero a nkhondo a ku Britain adanyanyala ntchito ku Spithead, ndipo limodzi mwa madandaulo awo lidali la sikelo: paundi ya kulemera ili ndi ma aunsi 16, koma iwo ankapimiridwa 14, awiriwo n'kutsalira wosunga nkhokwe ya m'sitima. Azigogo athu a King's African Rifles, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902 ndipo chipilala chake chili ku Zomba, iwo ankalandira phoso. Liwu limeneli achikulire amalidziwa bwino kuchokera m'maesiteti: ufa, nyemba ndi mchere zopimidwa ndi kapitawo. Phoso linkaoneka ndi maso, ukaberedwa unkaona chitini chosadzaza. Phoso la lero ndi nambala yaing'ono pa pepala, ndipo munthu angathe chaka osaiyang'ana.

Ndikunena izi ndikudziyang'ananso ndekha. Ndisanabwere pasukulu yoyendera yomwe ndili pano, ndidaphunzitsapo pasukulu ina yogonera. Mwana ankadwala malungo n'kupita kwawo masabata awiri, atatu. Fizi ya bodingi idalipidwa yonse. Sindikumbukira kholo ngakhale limodzi lomwe lidabwera kudzafunsa za nsima ya masabata amenewo, ndipo sindikumbukira ife aphunzitsi tikuganizapo kuti funsoli lingakhalepo. Mwina yankho likadakhala lakuti chimanga chidagulidwa kale ndipo ophika adalipidwa kale, lomwe ndi yankho lomveka. Koma palibe adafunsa, ndiye palibe adayankha.

Mphwanga ndidamuuza zinthu zitatu zokha. Agule kakope kakang'ono kokwana m'thumba, azilemba tsiku, chakudya chomwe waphonya ndi amene adamutuma. Asunge malisiti a zomwe wagula panjira. Ndipo apite kwa kalaki wa gulu lake mwezi womwewo, osadikira kuti zichuluke, akafunse mwaulemu kuti zoyenera kubwezedwa ndi ziti, zosayenera ndi ziti. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Uyu sadadye n'komwe.

Adazengereza masabata awiri. Kenako adapita. Za miyezi yakumbuyo zambiri zidapita basi, poti adalibe pomwe adalemba ndipo sakadatha kutsimikiza masiku. Za mwezi umenewo kalaki adamuonetsa polemba, nkhani ya mphindi khumi, ndipo adati mayiyo sadakweze n'komwe nsidze. Pa pay slip yotsatira padaoneka kamzere katsopano, kandalama kochepa ndithu, ndipo adakajambula n'kukazunguliza ndi chofiira.

Ndidapita nayo foni kwa amayi Loweruka n'kuwafotokozera mzere ndi mzere, amalume ali pomwepo. Amalume adafunsa kawiri ngati n'zoona kuti ngakhale chipinda amalipira. Amayi sadalabadire za manambala. Adangoti, "Ndiye kuti masiku amenewo mwana wanga ankagonera buledi?" Ndidavomera. Adandiuza kuti ndimufunse ngati kumeneko ufa umapezeka.